Chisoti Chomaliza cha Bambo Mtambalika

Malemu athu, bambo Ambrosio Mtambalika, anabadwa pa 3 Epulo 1968 m'mudzi wa Chimkwita, kwa mfumu yaikulu Kamenyagwaza, m'boma la Dedza. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi awiri la bambo Benedikito Mtambalika ndi mayi Aginesi Nachisale, amene onse awiri anatsogola kale. Atisiya Lachinayi pa 19 Juni 2025 muno mu Dublin, ali ndi zaka 57.

Bambo Mfumu, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo, ndi inu anzathu eni dziko lino amene mukumva kudzera mwa womasulira: ine ndine Walter Chiwaula, mlamu wawo wa malemu. Mayi Julia, amene aferedwawa, ndi mlongo wanga, ndipo ana awiri a m'nyumba imeneyi amanditcha malume. Masabata awiri apitawo munthu amene wagona apayu anali pakhomo panga akundikonzera geti, akundiseka kuti manja anga ndi a cholembera basi. Chakudza sichiimba ng'oma, komabe ichi chatidzidzimutsa kuposa muyezo.

Ndisanapite patali, pali nkhani imene sindingailambalale. Ambiri mwa inu mwaona kakanema kamene kakuzungulira m'mafoni kuno ndi kumudzi, ndipo mwawerenga mawu amene wina analemba pansi pake, akuti mwana wapha bambo ake ndi chibonga. Mwana akunenedwayo ndi Daphne, woyamba kubadwa wa malemu. Uthenga wafika kuchokera ku Dedza woti asayerekeze kukaponda kumanda. Banja landituma kuti mbiriyi ndiiwerenge yonse, osadumpha pena paliponse, kuti mukamaweruza muweruze mutamva.

Malemu anabatizidwa ku mishoni ya Bembeke, ndipo komweko anayamba sukulu mu 1975. Masamu ankawakhoza, Chingerezi chinkawazemba. Anafika folomu 2, koma mu 1985 bambo awo atamwalira sukulu inathera pomwepo. Chaka chotsatira anakwera basi ya ku Blantyre ali ndi kachikwama kamodzi, nakafikira ku Ndirande, kumene mmisiri wina wachikulire wochokera ku Zambia, a Kanyanta, anawalandira pa shedi yawo yokhomera ndowa, mbaula ndi makeni othiririra m'dimba.

A Kanyantawo anali ndi lamulo limodzi, ndipo ndikupempha kuti mulimvetsetse chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Ndowa sinkachoka pa shedi mmisiri asanaidzaze madzi ndi kuisenza yekha pamutu wogula akuona. Ikadontha, wonyowa azikhala woikhomayo, osati mayi amene waigula. Anyamata anzawo ankachita manyazi, poti mwamuna wandevu kusenza ndowa pakati pa msika wa Ndirande anthu ankafa nazo n'kuseka. A Ambrosio ankasenza, ankazungulira nayo shedi yonse, mwina n'kuvinako pang'ono. Mu 1992 anatenga satifiketi ya umisiri wa zitsulo ataphunzira madzulo kwa zaka ziwiri, koma ankanena okha kuti pepalalo silinawaphunzitse chilichonse chimene ndowa yodontha inali isanawaphunzitse.

Mu 1998 namwino wina wachitsikana anakagula mbaula pa shedi ija. Patapita sabata anabwera nayo, akuti ikupendekeka. A Ambrosio anamukonzera. Sabata ina anabweranso nayo, akuti tsopano chogwirira chikutentha. Ulendo wachitatu a Kanyanta anauza wophunzira wawoyo kuti mbaula ilibe vuto, ndipo ngati sakuona chimene chikubweretsa mtsikanayo ndiye kuti maso ake ndi okongoletsa nkhope chabe. Namwinoyo ndi mayi Julia ali apawa, ndipo ngati ndanama andidzudzule tikatuluka. Ukwati wawo unadalitsidwa pa 14 Ogasiti 1999. Daphne anabadwa mu 2002 ku Blantyre.

Mu 2006 mayi Julia anapeza mwayi wodzawonjezera maphunziro a unamwino muno mu Dublin, kenako anayamba ntchito ku chipatala cha ana ku Crumlin. Malemu ndi Daphne anawatsatira mu Febuluwale 2008, ndipo Luka anabadwira kuno mu 2009. Zaka zoyambazo zinali zowawa. Ntchito kunalibe, ndipo munthu amene anazolowera hamala kuyambira m'mamawa anakhala wophika, wochapa ndi woperekeza mwana ku sukulu mvula ikuwaza cham'mbali. Sanadandaule pagulu, koma ine ndinawapezapo akuwongola mapoto a mlongo wanga amene sanali opindika n'komwe. Mu 2011 analembedwa ntchito pa fakitale ina ku Coolock yopinda malata a mapaipi oyendetsa mpweya m'nyumba zikuluzikulu, ndipo nkhope yawo inabwerera m'malo.

Pa fakitale imeneyo ndi pamene anadziwana ndi bambo Lawson, amene akhala kutsogoloku ndi anzawo ovala majekete akuda. A Lawson ali m'gulu la anthu amene amachita masewero okumbutsa nkhondo zimene zinamenyedwa m'dziko muno zaka zoposa 300 zapitazo. Amavala monga ankavalira asilikali a nthawi imeneyo, amakwera akavalo, amathamangitsana ndi malupanga osanola anthu akuonerera. Tsiku lina mu 2012 a Lawson anabwera kuntchito ndi chisoti chachitsulo chimene anagula pa intaneti, chitaphwanyika mbali imodzi atangogwa nacho kamodzi. Anapempha malemu kuti achiwongole. Malemu anachigogoda ndi chala, anachiseka, nanena kuti chitini cha mafuta ophikira chili bwino, ndipo munthu amene amakonda mutu wake asachivalenso.

Malemu anapempha zithunzi za zisoti zenizeni. Anapita kunyumba yosungira zinthu zakale m'tauni muno, nakaima patsogolo pa galasi maola awiri mpaka mlonda anayamba kuwayang'ana mokayikira. Patatha masabata atatu anabweretsa chisoti chawo choyamba, chosulidwa ndi manja kuchokera ku chitsulo chotsala pa fakitale. Kwa inu amene simunachionepo chisoti chotere: pamwamba n'chozungulira, kutsogolo chili ndi kakhonde ndi tizitsulo titatu totchinga nkhope, m'mbali chili ndi makutu ophimba masaya, ndipo kumbuyo kuli zigamba zosanjikizana ngati mamba a ngaka, zoteteza khosi wokwera kavaloyo akamathawa. Mkati amasokamo nsalu yokhuthala ya thonje. Nsaluyo malemu ankasoka okha pa makina a akazi awo.

A Lawson atatambasula manja kuti alandire, malemu anakana kupereka. Anachivala okha, anakhala pa chipika, anawapatsa ndodo ya hurling, ija ana a kuno amamenyera kampira, nawauza kuti amenye katatu: pamwamba, pambali ndi kumbuyo. A Lawson anaganiza kuti mnzawoyo wazungulira mutu. Malemu anafotokoza za ndowa za ku Ndirande, nanenetsa kuti chisoti chimene mutu wawo sunachiyese sichingatuluke m'manja mwawo. A Lawson anamenya mwamantha, malemu anawauza kuti awonjezere mphamvu. Kuyambira tsiku limenelo aliyense wofuna chisoti cha a Mtambalika ankadziwa kuti adzayenera kumenya mwini wake katatu asanachitenge.

Ife Amalawi anzawo titamva, tinagwira pakamwa. Tinapita kukaonerera tsiku lina m'mbali mwa mtsinje wa Boyne, ndipo tinaona azibambo a imvi zawo akugwa pa udzu ngati afa, kenako n'kudzuka kukamwa tiyi. Tinawaseka malemu mpaka misozi, tinawapatsa dzina loti Kaputeni. Iwo ankangoyankha kuti ife timalipira basi kukaonerera anthu akuthamangitsa chikopa, ndiye tisawavute. Koma pamene okwera akavalo makumi awiri anadutsa patsogolo pathu pansi pakugwedezeka, ndipo theka la iwo atavala ntchito ya manja a munthu wa ku Bembeke, kuseka kuja kunatithera. Ine ndinanyadira, ndipo ndikuvomera lero kuti sindinawauze.

Mu 2016 anasiya ntchito ku Coolock natsegula shopu yawoyawo ku Mulhuddart, pafupi ndi kumene banja limakhala. Mbiri yawo inafika ku England, ku Germany ndi ku Poland, kwa ochita masewero komanso kwa anthu amene amangosonkhanitsa zinthu zotere n'kuziika m'makabati. Chisoti chilichonse ankachidinda mkati dzina lawo ndi chaka. Munthu wina wamalonda anawanyengerera kuti asiye kudinda, azichititsa dzimbiri dala zisotizo kuti iye azikazigulitsa ngati zamakedzana zenizeni. Malemu anamuperekeza mpaka pa geti mwaulemu wonse, ndipo sanamutsegulirenso. Mu mpingo muno anali a m'bungwe la abambo, ndipo choikapo makandulo chimene chili kumanja kwa guwaku anasula ndi iwo mu 2019.

Daphne anakulira m'shopu imeneyo. Homuweki ankalembera pa benchi ya zitsulo, hamala ikulira pambali. Anaona bambo ake akumenyedwa ndi ndodo ija kambirimbiri, akuvula chisoti akuseka, akuchipenda pa kuwala n'kuchipereka kwa mwini wake. Kwa iye zimenezo zinali ngati kuona mayi ake akuvala yunifomu. Ali ndi zaka 16 anayamba kukwera akavalo ndi gulu la a Lawson, akubwereka chisoti cha mayi Susan a m'gulu lomwelo. Bambo ake anamulonjeza chakechake akadzamaliza yunivesite, ndipo mu 2021 anapita ku Galway kukaphunzira za mankhwala a ziweto.

Tsopano ndafika pamene pakundivuta. Mu Malichi 2023 malemu anayamba kumva befu akakwera masitepe. Madokotala anapeza kuti mtima wawo ukugunda mosalongosoka, ndipo anawapatsa mankhwala oletsa magazi kuundana, oti azimwa tsiku ndi tsiku moyo wawo wonse. Anawachenjeza momveka bwino kuti munthu womwa mankhwala amenewa magazi ake akayamba kutuluka saleka msanga, choncho kugunda mutu ngakhale pang'ono n'koopsa. Mayi Julia, poti ndi namwino, sanafune kumva zambiri. Anawalumbiritsa amuna awo kuti zoyesa zisoti pamutu zatha. Malemu anasema chimutu chamtengo, anachikhomera pa chipika chija, ndipo kwa zaka ziwiri ndodo inkagwera pamenepo. Ofunsa ankawauza kuti Kaputeni wakalamba.

Sabata imene matendawo anadziwika tinakhala pansi anthu atatu m'khitchini ya ku Mulhuddart: malemu, mlongo wanga ndi ine. Mlongo wanga ankafuna kuti ana auzidwe. Amene anakana ndine. Ndinati kwathu matenda a kholo sitiuza ana, ndinati Daphne ali pafupi kulemba mayeso ndipo asokonezeka, ndinati Luka akadali wamng'ono. Ndinayankhula ngati malume, mwini mbumba, ndipo malemu anavomera msanga chifukwa nawonso sankafuna kuti mwana wawo aziwayang'ana ngati wodwala. Botolo la mankhwala linkabisidwa m'bokosi la nsapato pamwamba pa wadiropu. Mayeso aja analembedwa, ena anabwera n'kudutsa, ndipo palibe mwa ife atatu amene anabwereranso ku nkhaniyo. Ngakhale a Lawson, mnzawo kwa zaka 14, sanauzidwe.

Daphne anamaliza mayeso ake otsiriza mu Meyi chaka chino n'kubwerera kunyumba. Malemu anali atayamba kale chisoti chake mu Janyuwale, ndipo amene anachiona akuti sanasulepo china chokongola chotero. Loweruka pa 14 Juni, cha m'ma 11 koloko m'mawa, mayi Julia ali kuntchito, anamuitanira mwanayo ku shopu. Anachotsa chimutu chamtengo pa chipika n'kukhalapo okha. Daphne anafunsa chifukwa chake, poti anazolowera kuona mtengowo pamenepo. Anamuyankha kuti mtengo sunena ngati msomali ukulasa kuseri kwa khutu, sunena ngati nsalu yachepa pamphumi, ndipo ngati alendo amakhutira ndi umboni wa chipika, mutu wa mwana wawo sangaupereke kwa mboni yosayankhula. Mawu amenewa ali m'kanemayo, koma amene anakafalitsa anadula chiyambi chake.

Daphne anaimika foni yake pa benchi kuti ajambule tsiku limene analiyembekezera zaka zisanu ndi ziwiri. Anamenya koyamba pamwamba, kachiwiri pambali. Bambo ake anamuseka kuti dzanja limenelo silingaphe ngakhale udzudzu, namuuza kuti lachitatulo amenye ngati msilikali. Anamvera, monga mwana aliyense woleredwa bwino akanamvera. Malemu anavula chisoti, anapita nacho pa windo, anachitembenuza uku ndi uku, anachisisita ndi chala. Sichinapindike, sichinakandike. Anamuveka mwanayo ndi manja awo, anamumanga lamba pachibwano, ndipo anamupempha kuti mayi ake asaone chisoticho kapena kanemayo mpaka tsiku lolandira digiri. Daphne anasunga pangano, anangotumiza kanemayo kwa msuweni wake mmodzi ku Lilongwe chifukwa chimwemwe chinamukanika kusunga yekha.

Lamulungu pa 15 Juni malemu anali nafe m'tchalitchi muno, pa benchi yachinayi kumanzereku. Tikutuluka anadandaula mutu. Mayi Julia anawafunsa katatu ngati agunda penapake, ndipo katatu konse anakana. Munthu amene anathamangitsa wamalonda uja chifukwa cha bodza, tsiku limenelo ananamiza mkazi wake, ndipo ine mpaka pano sindikumvetsa. Mwina ankaopa lumbiro lija. Mwina ankakhulupiriradi kuti palibe chimene chachitika. Ndikutero chifukwa Lolemba a Lawson atadutsa ku shopu anaona hamala ikupulumuka m'manja mwa malemu kawiri, ndipo atafunsa, malemu anatulutsa chisoti cha Daphne n'kuwaonetsa kuti chilibe ngakhale kachipsera. Kwa mmisiri, chitsulo chikakhala bwino ndiye kuti zonse zili bwino. Anapenda chisoti masiku atatu, mutu umene unali mkati mwake sanaupende.

Lachiwiri pa 17 Juni, cha m'ma 7 koloko m'mawa, anagwa m'khitchini akuthira madzi m'ketulo. Mayi Julia anaitana ambulansi n'kukwera nawo. Ali m'njira malemu anatsegula maso, anagwira dzanja la akazi awo, nanena movutikira kuti asamukalipire mwana. Mlongo wanga sanadziwe kuti akunena mwana uti, kapena walakwa chiyani. Amenewo ndiwo anali mawu awo omaliza. Kuchipatala anawajambula mutu n'kupeza kuti magazi akhala akukha pang'onopang'ono mkati mwa chigaza kwa masiku angapo, akupanikiza ubongo.

Dokotala anatipeza pakhonde la wodi, n'kufunsa ngati bamboyu anagunda mutu masiku apitawa. Mlongo wanga anati ayi. Ine ndinati ayi. Daphne anatulutsa foni yake, anaonetsa kanemayo, n'kufotokoza kuti ndi mwambo chabe wa bambo ake ndipo achita zimenezi moyo wake wonse. Dokotala anafunsa ngati akudziwa mankhwala amene bambo ake amamwa. Mwanayo anatembenuka kuyang'ana mayi ake, kenako anayang'ana ine. Abale anga, ndakhala ndikuona maliro kuyambira ndili mwana, koma nkhope ngati imeneyo ndinali ndisanaionepo, ndipo sindikuganiza kuti idzandichoka. Madokotala anachita opaleshoni tsiku lomwelo, anayesetsa mbali yawo, koma malemu sanatsitsimuke. Lachinayi pa 19 Juni, nthawi ya 3 koloko masana, Bambo Mfumu atawadzoza mafuta oyera, anatisiya.

Apolisi anabwera monga mwa lamulo la dziko lino, anafunsa, anaonera kanema yense kuyambira pachiyambi, anatipepesa n'kumapita. Koma kumudzi kanemayo anafika atadulidwa, ndipo kandimverere anakanena za m'maluwa. Sindikudzudzula abale a ku Dedza, chifukwa kwathu mwana kukweza ndodo pa mutu wa bambo ake ndi malodza, ndipo munthu woona masekondi khumi okhawo angalire chimodzimodzi. Amene ndikuwadabwa ndi ena a ife kuno, amene munkamutcha Kaputeni, amene mumaidziwa ndodo ija ndi chipika chija, koma munatumizabe kanemayo kutsogolo osawonjezapo liwu limodzi lofotokoza.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Julia Mtambalika, ndi ana awiri, Daphne ndi Luka. Asiyanso achimwene awo aakulu a Bennet ndi alongo awo awiri, mayi Miriam ndi mayi Aggie, onse ali ku Dedza, pamodzi ndi adzukulu a m'banja amene ambiri mwa iwo anaphunzira sukulu ndi thukuta la hamala imeneyi.

Banja likuthokoza Bambo Mfumu ndi akhristu a parishi ino, amayi a bungwe amene sanachoke pakhomo chichitikireni zovutazi, anamwino anzawo a mayi Julia amene agawana mashifiti awo, ogwira ntchito mu ambulansi ndi madokotala amene anawasamalira. Tikuthokoza Amalawi ndi abale athu a ku Zambia a ku Mulhuddart, Coolock, Crumlin ndi madera ena, amene mwagwirana manja kuti thupi likagone kwawo. Mwapadera tikuthokoza bambo Lawson, mayi Susan ndi gulu lonse la okwera akavalo. Mwabwera anthu oposa makumi atatu, ena kuchokera ku England, ndipo mwapempha kuti munyamule nawo bokosi. Banja lavomera.

Kwatsala chinthu chimodzi, ndipo ichi sichinalembedwe pa pepalali. Daphne, mwana wa mlongo wanga, ndikudziwa kuti Chichewa umamva chonse ngakhale umatiyankha m'Chingerezi, ndiye ndikuuza m'chinenero cha bambo ako. Mayi ako anakuuza mawu amene bambo ako ananena mu ambulansi, ndipo iwe wakana kuwakhulupirira. Wati tikukunamiza kuti tikutonthoze, monga tinakunamiza zaka ziwiri. Sindingakutsutse, chifukwa ufulu woti uzitikhulupirira tinautaya tokha. N'chifukwa chake ndawanena pano, patsogolo pa guwa ndi pa bokosi la mwini mawuwo, pamalo pamene ngakhale ine sindingayerekeze kunama. Anati asamukalipire mwana, ndipo mwanayo ndiwe.

Ukanadziwa za botolo lija, ndodo ija sukanaigwira, ndipo aliyense muno akudziwa zimenezo. Amene anakubisira ndine. Mayi ako ankafuna kukuuza, ine ndinawatseka pakamwa ndi mwambo, ndikuyesa kuti ndikukuteteza. Kwathu malume sapepesa kwa mwana pagulu, koma lero ndikupepesa, ndipo anthu onsewa akhale mboni. Pepa, mwana wanga.

Dzulo unandipempha kuti ndibweze tikiti yako ya ndege kuti anthu akalire mwamtendere popanda iwe. Sindinaibweze ndipo sindiibweza. Ndayankhula ndi a Bennet pa foni m'mawa uno, ndawauza zonse zimene ndanena panozi, ndipo analira mpaka foni inaduka. Lachitatu ukwera ndege ndi mayi ako ndi mlongo wako Luka kuperekeza bambo ako ku Bembeke, ndipo nkhata yoyamba ya ana pamanda ukaika ndiwe. Amene ali ndi mawu pa imfa imeneyi, kuno kapena kumudzi, asapite kwa mwanayu. Abwere kwa ine Walter Chiwaula, pakhomo panga mukupadziwa.

Alamu anga, a Mtambalika, zimene munapempha mu ambulansi zija ndazifikitsa kwa anthu. Ambuye akupatseni mpumulo wosatha, kuwala kwawo kukuwalireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere. Tiyeni tiimirire. Daphne, bwera kuno kutsogolo, utitsogolere potuluka.